Adadi Abwera pa Pasaka

Newcastle, 16 Febuluwale 2025

Okondedwa alamu anga a Fiona,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse ku Zomba. Kodi miyendo ya amayi yaphwa? Tsiku limene ndinkanyamuka inali yotupa kwambiri chifukwa chokhala pansi maliro onse aja. Ine ndinafika bwino. Ntchito kuwodi ndayambiranso, ndipo anamwino anzanga akundigwira ngati dzira.

Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kulijambula m'malo mokuimbirani. Pempho amamva Chichewa chonse ngakhale amayankha m'Chingerezi, ndipo makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Koma kuwerenga Chichewa sadziwa. Ndiye papepala pano ndi pokhapo pamene ndingatchule kuti a Percy anamwalira.

Mukudziwa kuti pamene ndinkaperekeza thupi la mlongo wanu kumudzi, mwanayu anatsala ku Leeds kwa mchimwene wanga Kondie ndi mkazi wake Lucy. Anamuuza kuti adadi apita ku Malawi kukaona agogo. Ndi mmene amayi analamulira, ndipo ine sindinatsutse chifukwa mutu wanga sunali kugwira. Koma Pempho atafunsa kuti adadiwo abwera liti, Lucy anangoti abwera pa Pasaka.

Vuto lagona pamenepo, alamu. Chaka chatha a Percy anakonza kale kuti pa holide ya Pasaka tikakhale sabata m'kalavani, kanyumba ka lendi ka anthu a pa holide, ku Seahouses, katauni ka m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa kuno. Anamulonjeza mwana kuti adzakwera naye boti kukaona mbalame za pazilumba, ndipo zithunzi zake anazimata pafiriji. Tsopano Pempho waphatikiza nkhani ziwirizi. Akuti adadi akatsika ndege sadzafika kunyumba kuno, adzangopita kunyanja kukatidikirira. Walongedza kale kachikwama kake. Dzulo ndinapezamo mapatapata a bambo ake, akuti adadi anaiwala, ndipo kunyanja munthu savala nsapato za kuntchito.

Ndinalowa m'bafa, n'kutsegula madzi kuti asamve.

Chonde mundilankhulire ndi amayi. Andilole ndimuuze mwanayu zoona tsikulo lisanafike. Ndili ndi mantha, ndipo sindikufuna kuchita chinthu chachikulu chotere kumbali.

Ndine mlamu wanu,
Shirley


Zomba, 2 Malichi 2025

Mayi a Pempho,

Moni. Ife kuno tilipo, monga mmene anthu ofedwa amakhalira. Foni yanga inagwera mu ndowa tsiku limene tinkatsuka mbale za pamaliro, ndipo ikadali kwa okonza. Kalatayi ndajambulira pafoni ya mphunzitsi mnzanga. Chinyamukireni sindinamve kalikonse kuchokera kwa inu, koma za inu ndamva.

Lamulungu lapitali, potuluka m'tchalitchi, amayi ake a Lucy anandikokera pambali. Akuti, kodi a Fiona mwamva kuti alamu anu akupita ku holide kunyanja? Akuti ndi kalavani yomwe. Ananena mokweza, ngati kuti ine ndi wogontha, amayi a chigwirizano onse ali pomwepo. Ndinaseka ngati ndikudziwa kale.

Dothi pamanda a Percy silinaphwe n'komwe. Nkhata zija sizinaume. Banja lathu silinakusudzuleni. Kodi kumeneko anakuuzani kuti mkazi wamasiye amalira pamchenga atavala magalasi akuda? Ine ndinkakuikirani kumbuyo anthu akamati mkazi wa Percy ndi wa mabuku, sadziwa mwambo. Ndinkawayankha kuti mabuku omwewo ndi amene anamufewetsa mtima. Lero mwandisowetsa pogwira.

Amayi sindinawauze. Shuga wawo ndi wokwera kale. Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze kuti amayi ake a Lucy anamva molakwika.

Fiona


Zomba, 6 Malichi 2025

Alamu,

Foni ndatenga lero, ndipo kalata yanu ya mu Febuluwale ndangoiwerenga kumene, nditaima pakhonde la wokonza mafoni. Mapatapata ajawo andiliza pamaso pa anthu. Kalata yanga ija ifufuteni pafoni. Pakamwa panga mumapadziwa, Percy ankati ndimayamba kuwombera kenako n'kufunsa kuti wafika ndani.

Ndalankhula ndi amayi. Yankho lawo ndi loti ayi. Akuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sauzidwa za imfa, mtima wake sunakhwime. Akauzidwa amayamba kumuona malemuyo kutulo, amawonda, ena amachita chibwibwi mpaka kukula. Akuti mudikire chaka chamawa mukadzabwera kudzaika chiliza. Pamenepo akuluakulu adzamukhazika pansi, n'kumuuza ali pakati pa abale ake, osati m'dziko lozizira ali ndi mayi wake yekha amene akuliranso. Ine ndikuona kuti pali nzeru pamenepo. Ife tinakula chomwecho ndipo sitinapenge.

Za ulendowo, ingoulepheretsani. Mumuuze kuti nyanja yatsekedwa. Si paja kumeneko mumatseka chilichonse kukangogwa chipale pang'ono? Mwana amaiwala, alamu. Mugulireni kachidole, pofika Pasaka adzakhala akuganiza zina.

Miyendo ya amayi yaphwako. Akufunsa ngati mukudya.

Fiona


Newcastle, 19 Malichi 2025

Alamu anga,

Zikomo chifukwa cha makalata onse awiri. Yoyamba ija sindinaifufute. Munalemba chifukwa chomukonda mlongo wanu, ndipo masiku ano chilichonse chotchula dzina lake ndimachisunga.

Ndinayesa zimene munanena. Ndinamuuza Pempho kuti ulendo walephereka chifukwa ku ntchito andikaniza holide. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kufunsa m'Chingerezi chake chija kuti, ndiye adadi akafika kumeneko n'kupeza kulibe munthu? Akuti adzaganiza kuti sitikuwafunanso. Tsiku limenelo sanadye. Tsiku lotsatira aphunzitsi ake anandiimbira kuti chakudya cha masana wachibweza chonse, ndipo akungokhala pawindo. Pamapeto pake ndinagonja, ndinamuuza kuti tipita. Anadya mbale ziwiri. Mwana uyu saiwala, alamu. Anatengera bambo ake, amene ankakumbukira ngakhale malaya amene ndinavala tsiku limene tinakumana.

Kumapemphero a Amalawi ndinasiya kupita. Akuluakulu onse anachenjezedwa, koma ana awo anamva makolo akulira m'nyumba. Ndani angatseke pakamwa pa mwana? Tsiku lina m'sitolo tinakumana ndi mayi Nthanda ndi ana awo, ndipo wamkuluyo anayamba kunena kuti pepa Pempho. Ndinamukoka mwana wanga n'kutuluka, ngolo yodzaza ndi zogula n'kuisiya pakati pa njira. Ndikukhala ngati mbava m'tauni imene ndakhalamo zaka zonsezi.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ntchito imeneyi ndimaidziwa. Kuchipatala anatiphunzitsa kuti ukamauza abale, uzitchula mawu enieniwo. Usamati wapita, usamati watisiya, chifukwa munthu wosweka mtima amagwira kachingwe kalikonse kamene wamusiyira. Ndakhala ndikuwauza anthu osawadziwa mawu amenewo nditawagwira dzanja. Mabuku onena za ana ofedwa ndabwereka mulu ku laibulale, ndipo ndimawabisa pansi pa bedi ngati zinthu zolaula. Onse akunena chimodzimodzi. Koma ndikafika pakhomo la chipinda chake, ndimamva mawu a amayi akuti adzawonda, adzachita chibwibwi, ndipo ndimabwerera. Nanga akakhala kuti akunena zoona? Mwana ndili naye mmodzi yekhayu.

Ndawerenganso za nyanja ya kumeneko. Si yofanana ndi madzi amene tinazolowera kwathu. Imaphwa n'kupita kutali, munthu n'kumayenda pamchenga pamene panali madzi, kenako imabwerera mofulumira, nthawi zina modzera kumbuyo kwako. Ndikangotseka maso ndimamuona Pempho akuthamangira munthu wina kutali pamchenga umenewo akuitana adadi.

Chonde yesaninso kwa amayi.

Shirley


Newcastle, 30 Malichi 2025

A Fiona,

Mukhululuke ngati zilembo sizikuoneka.

Dzulo ndinali pa shifiti ya tsiku lonse, ndipo Lucy anabwera kudzakhala ndi mwana. Nditabwerako, Pempho anandichingamira pamasitepe akudumphadumpha. Akuti, amami, ndalankhula ndi adadi! Akuti ali bwino, chifuwa chokha, ndipo anena kuti tikaonana kunyanja.

Ndinakhala pansi pomwepo pamasitepe, yunifolomu ili m'thupi. Kwa kanthawi, Mulungu andikhululukire, ndinakhulupirira.

Lucy wandifotokozera. Akuti anaimba kwa inu kuti mwana apereke moni kwa agogo, inu munali kubafa, ndipo foni anayankha ndi Wyson, mng'ono wa a Percy. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, kuti Wyson akalankhula munthu osamuona, ndi mkulu wake yemwe uja. Pamaliro paja ndinkachoka akayamba kulankhula. Pempho atangomva moni anakuwa kuti adadi, ndipo Wyson anayankha kuti ee, mwana wanga.

Alamu, poyamba linali bodza la mawu, loti mwana akanatha kulikayikira. Tsopano wamva ndi makutu ake. Ndidzamuuza bwanji kuti munthu amene walankhula naye dzulo tinamuika m'manda mu Januwale? Adzakhulupiriranso chiyani chotuluka pakamwa panga?

Ndiuzeni kuti zinangochitika mwangozi. Ndiuzeni kuti simunapangane.

Shirley


Zomba, 3 Epulo 2025

Mayi a Pempho,

Sitinapangane, ndikulumbira. Koma mtima pansi. Wyson sananame. Kwathu kuno mng'ono wa abambo ndi abambo, inunso mukudziwa. Mwana wa Percy akaitana kuti adadi, Wyson ayankhe kuti chiyani, kuti mwalakwitsa nambala? Percy kulibe, bambo wa mwanayo tsopano ndi iyeyo.

Ndipo amayi akuti mwina ndi Mulungu watsegula njira. Maganizo awo ndi awa. Pitani kunyanjako, poti mwana wakakamira. Za kusudzula asakuvutitseni, amayi avomera okha ndipo aliyense wolankhula adzayankhana ndi ine. Mukafika, Wyson adzaimba n'kunena kuti ndege yamusiya, abwera nthawi ina. Mwana adzakhumudwa tsiku limodzi, kenako adzasewera. Akamaimba chomwecho mwa apo ndi apo, tidzafika chaka chamawa bwinobwino.

Musaganize kwambiri, alamu. Mabuku aja muwabweze kaye.

Fiona

Alamu, ndine Wyson. Achemwali andituma kuti ndijambule kalatayi ndi kutumiza, ndiye ndawonjezera pansi pano iwo osadziwa. Ine sindidzaimba. Tsiku lija mwana anandifunsa ngati ndikukumbukira nyimbo imene timaimba posamba. Ine nyimboyo sindiidziwa. Ndinanamizira kutsokomola. Chichokereni tsiku limenelo ndikamalankhula ndimadzimva ndekha ngati achimwene, ndipo ndimaopa pakamwa panga pomwe. Mwanayo ndidzamulera ndi mtima wonse, koma ngati Wyson. Amayi ndiwauza ndekha, inu musavutike nazo. Pepani.


Seahouses, 17 Epulo 2025

Okondedwa alamu anga,

Moni kuchokera kunyanja. Amayi ali bwanji? Muwerenge kalatayi muli chikhalire, ndipo mukatha mukawawerengere iwonso, osadumpha kalikonse. Ndaphwanya mawu awo.

Tinafika Lolemba. Kondie ndiye anayendetsa galimoto, Lucy ali kutsogolo, ine ndi Pempho kumbuyo. Njira yonse mwana ankaimba. Kondie, amene sakhala chete ngakhale m'tchalitchi, sanatsegule pakamwa kuchokera ku Newcastle mpaka kuno.

Malo ake ndi okongola, a Percy anasankha bwino. Nyanja imaonekera pawindo la kalavani, yotuwa ngati lata, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mano. Koma Pempho sanaiyang'ane n'komwe. Anazungulira zipinda zonse, anatsegula ngakhale kabati. Kenako anavala jekete n'kukakhala pamasitepe a kalavani, maso ali kugeti. Kondie anamunyengerera kuti tiye tikagule ayisikilimu, tiye tikaone maboti. Iye anati ayi amalume, adadi angatiphonye. Galimoto iliyonse ikamalowa ankaimirira. Anakhala pamenepo mpaka milomo inachita bii ndi kuzizira, ndipo tinachita kumunyamula.

M'mawa mwake ndinali kutsuka makapu. Nditacheuka, chitseko chinali pululu. Ndinatuluka opanda nsapato. Ndinamuona akuthamanga kupyola geti, kulowera kumsewu waukulu, ndipo kutsidya kwa msewuwo kunkayenda bambo wina wakuda, wamtali, atanyamula chikwama paphewa. Ine ndinkaopa madzi masiku onsewa, alamu, osadziwa kuti choopsa ndi msewu. Galimoto yonyamula katundu inaima matayala akulira. Sindikudziwa kuti panatsala mpata wotani, sindikufuna kudziwa. Ndinamugwira chipewa cha jekete n'kugwa naye pa udzu. Bambo uja anatembenuka. Anali munthu wachilendo, wa ndevu, ndipo anafunsa mwaulemu ngati mwana ali bwino.

Ndinamuuza pomwepo. M'mabuku amati usankhe malo abata, ukhale utakonzeka. Ife tinali m'mbali mwa msewu, pafupi ndi migolo ya zinyalala, mapazi anga akutuluka magazi. Ndinati, Pempho, adadi sabwera. Anamwalira. Mtima wawo unaima ali ku ntchito, madokotala anayesetsa koma sizinatheke. Tinakawaika m'manda ku Zomba.

Ndinanena m'Chingerezi kuti amve bwino. Anandiyang'ana n'kunena kuti, nenani m'Chichewa. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, akuluakulu mukamanena zoona mumanena m'Chichewa.

Ndiye ndinabwereza. Abambo ako anamwalira, mwanawe.

Anafunsa kuti nanga pafoni paja anali ndani. Ndinamuuza kuti anali abambo ake aang'ono, a Wyson, ndipo anachita zimenezo chifukwa chosowa chonena. Anafunsa ngati amalume a Kondie akudziwa. Ndinati ee. Anti Lucy? Ee. Agogo? Mayi Nthanda? Ana awo? Dzina lililonse ine ee, ee, ndipo pa dzina lililonse nkhope yake inkasintha. Kenako anandimenya pachifuwa ndi zibakera zonse ziwiri. Ndinamusiya amenye.

Tsiku lonse sanandilankhule. Sanalirenso. Ndinkamuyang'anitsitsa pakamwa, kudikira chibwibwi chimene amayi ananena. Sindinganame, mantha amenewo sanandichoke mpaka pano. Koma madzulo anadya pang'ono, ndipo anagona atandigwira malaya, ngakhale anali atandifulatira.

Dzulo ndiye tinatsikira kumchenga koyamba. Madzi anali ataphwa, ali kutali. Sanathamange. Tinayenda awiriwiri, ndipo anayamba kufunsa. Kodi m'ndege adadi anakhala pampando? Anamva kuzizira? Anawanyamula ndani? Ndinamufotokozera zonse, mmene munatulutsira mipando m'nyumba ya agogo, mmene azimayi tinakhalira pansi titazungulira bokosi, mmene anthu anaimbira osalekeza, amuna ali panja. Anafunsa kuti analira ndani. Ndinati tonse, agogo, azakhali ako a Fiona, a Wyson, ngakhale anthu amene sindinkawadziwa. Anafunsa kuti nanga iye anali kuti. Ndinati unali ku Leeds.

Anati, ndinkaonera makatuni.

Kenako anati, ndiye kuti aliyense anachita maliro a adadi anga kupatula ine.

Alamu, mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba. Mwanayu sakudziwa kulira kwake. Akuyesa, ndikumuona, koma ali ngati munthu amene wafika pamsonkhano anthu atabalalika. Ine ndekha sindingathe kumubwezera zimene tinamulanda. Ndikupempha chinthu chimene sindinamvepo chikuchitika. Loweruka likudzali, mukhale pansi m'nyumba ya amayi monga tinakhalira, mutsegule kamera ya foni, ife tikhale pansi m'kalavani muno. Muimbe, mulire, iye akuoneni nkhope. Wyson akhalepo, amuone akulankhula.

Ndikudziwa kuti amayi akwiya. Ngati akana, ndidzamva. Koma muwauze kuti mdzukulu wawo akufunsa ngati iwonso anamunamiza chifukwa chomukonda, poti ine ndamuuza choncho ndipo akuti akufuna amve kwa eni ake.

Ndine mlamu wanu,
Shirley


Zomba, 18 Epulo 2025

Alamu anga,

Kalata yanu ndinawawerengera amayi yonse, monga munanenera. Nditafika pa galimoto ija anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Nditamaliza anati, Shirley wandinyoza, n'kulowa kuchipinda. Chakudya anakana. Ine ndinati basi, zathera pomwepo, ndipo ndinayamba kuganiza mmene ndikuuzireni.

Lero m'mawa, tisanapite ku mapemphero a Lachisanu Loyera, anatuluka n'kundifunsa kuti, mwanayo akulankhula bwinobwino? Ndinati kalata ikuti akufunsa mafunso osatha. Anati, mawu sakugwira? Ndinati sakugwira. Kenako anayamba kundikalipira ine, kuti ndaimiranji ngati mtengo pamene mawa kuli anthu.

Sanakukhululukireni, musadzinamize. Akuti nkhani ya inu ndi iwo idzakambidwa mukadzabwera. Koma malangizo awo ndi awa. Mwanayo mumuvule nsapato, mumumange chitenje, akhale pansi pakati pa inu ndi Lucy. Kondie akhale pakhomo, ngakhale kuzizire bwanji. Musamuletse akafuna kukuwa, musamukakamize akakhala chete. Funso lake lija adzamuyankha okha. Nyimbo adzayambitsanso okha, akuti ine ndimayamba mokweza kwambiri anthu n'kulephera kufikira.

Wyson wameta ndevu kuti mwana amuone bwino nkhope. Amayi a chigwirizano adzabwera asanu, ndi amayi ake a Lucy omwe, amene apempha okha.

Tidzaimba dzuwa likakwera pang'ono, mukhale mutadya. Mipando tatulutsa kale, ili pakhonde. Anthu odutsa ayamba kuima pampanda kufunsa kuti kodi wamwaliranso ndani. Tikuwayankha kuti ndi Percy yemwe uja.

Mlamu wanu,
Fiona